Kaitano ndi Chala Chake

Kaitano anali mwana wanzeru. Izi palibe angatsutse. Koma pakamwa pake panali paulesi.

Anali ndi zaka zinayi. Ankakhala ku Makhanga, pafupi ndi mtsinje wa Shire. Masiku amenewo sitima zapamadzi zinkafika ku Chiromo kudzatenga thonje.

Kaitano sankalankhula. Ankangoloza ndi chala.

Akaloza mtsuko, mlongo wake Otilia ankati, "Akufuna madzi."

Akaloza dengu, Otilia ankati, "Akufuna mbatata."

Chala chinkaloza. Otilia ankanena. Kaitano ankadya.

Tsiku lina abambo awo ankasema nkhafi yopalasira bwato.

"Tikatha kukolola, ndipita ku Chiromo ndi thonje," anatero abambo.

Kaitano analoza mtsinje.

"Akufuna kukaona sitima," anatero Otilia.

Abambo anapukusa mutu. "Mwana wosalankhula sindimutenga pamadzi. Akaona mvuu ine nditayang'ana kwina, andiuza bwanji?"

Kaitano anatsitsa chala.

Amayi anamva zonsezi. Anaitana Otilia.

"Mwanawe, pakamwa pa mlongo wako wapatenga ndiwe. Umubwezere."

"Ndimubwezera bwanji, Amayi?"

"Uzimufunsa. Ukamufunsa, uzidikira."

M'mawa amayi ndi ana anapita kumunda. Amayi ankatola thonje akulankhula.

"Ili ndi thonje. Thonje ndi loyera. Thonje ndi lofewa. Nanga ili n'chiyani, Kaitano?"

Otilia anatsegula pakamwa. Amayi anamuyang'ana. Otilia anatseka pakamwa.

Anadikira. Anadikirabe.

"Tonje," anatero Kaitano.

"Eya, thonje," anatero amayi. "Thonje loyera."

Tsiku ndi tsiku ankamufunsa. Tsiku ndi tsiku ankadikira. Mawu anayamba kubwera.

Amayi ankalankhula Chimang'anja. Iwo ankati bwato. Abambo ankalankhula Chisena. Iwo ankati mwadiya. Chinthu chake chinali chimodzi.

Ali padooko, Otilia analoza bwato n'kufunsa, "Icho n'chiyani?"

"Bwadiya," anatero Kaitano.

Otilia anaseka mpaka kugwira m'mimba. Kaitano anabisa nkhope. Masiku awiri athunthu chala chinabwerera pa ntchito.

Tsiku lachitatu abambo anamukhazika pamwendo.

"Sunalakwe kwambiri, mwanangu. Mawu a amayi ako ndi bwato. Mawu anga ndi mwadiya. Onse awiri ndi ako."

Otilia anabwera atawerama. "Pepa, mlongo wanga. Sindidzasekanso."

Kukolola kunatha. Tsiku la ulendo linafika. Abambo anapakira thonje. Amayi ndi ana anaima padooko.

Patsidya, m'mabango, chinthu chinatulutsa makutu.

"Kaitano, icho n'chiyani?" anafunsa abambo.

Kaitano anayang'ana. Chala chinayamba kukwera.

Otilia ananong'ona, "Ndikunenere?"

"Ayi," anatero Kaitano. "Ndinena ndekha."

Anabisa chala kumbuyo.

"Ndi mvuu, Baba. Mvuu ziwiri."

Abambo anayang'anitsitsa. Zoonadi, zinalipo ziwiri. Iwo anali ataona imodzi yokha.

"Nanga ukufuna chiyani, mwanangu?"

"Ndifuna kukwera mwadiya." Kenaka anacheukira amayi. "Bwato, Amayi."

Amayi anamwetulira. Otilia anaomba m'manja. Abambo anamukonzera malo pamwamba pa thonje. Anatambasula manja awo.

"Bwera ndikunyamule."

Kaitano anagwira m'mphepete mwa bwato. Anakweza mwendo umodzi.

"Ayi, Baba," anatero. "Ndikwera ndekha."