Mzere Wachitatu

Tsiku loyamba pantchito yolemba mapulogalamu a kompyuta, mtsikana wina anapatsidwa desiki ya pafupi ndi zenera, pansi pa fani yolira ngati ikufuna kuguluka. Anatsegula sikirini yakuda imene olemba mapulogalamu amalamulirapo kompyuta, nalemba grep kuti afufuze mawu m'mafayilo. Kumbuyo kwake kunamveka chikhakhali.

"Grep? Chaka chino? Asisi, chida chimenecho n'chachikulu kuposa bambo anu!"

Anali mnyamata amene onse ankamutcha Liwiro, chifukwa zala zake zinkathamanga pa kiyibodi ngati zapsa. Pofika masana, mtsikanayo naye anali atalandira dzina: Mayi Grep.

Liwiro anakoka mpando. "Taonani ichi, ripgrep. Mukaphethira kamodzi, yankho lafika. Ichi ndi fzf, mungolemba zilembo ziwiri, fayilo yabwera yokha."

"Nanga ripgrep imathamanga bwanji chonchi?"

"Mwa zina, siitaya nthawi ndi mafayilo obisika. Imangowadumpha."

Mnyamatayo anali ndi pakamwa pa uchi! Mwezi usanathe, "inu" anasanduka "iwe". M'mawa uliwonse, 6 koloko yeniyeni, foni ya mtsikanayo inkalira: "Wadzuka bwanji, duwa langa? Mtima wanga ukafufuza dziko lonse, umapeza iwe wekha."

Ndani sangagwe? Mwamuna wosaphonya ngakhale mphindi imodzi! Mayi Grep anagwa m'chikondi mutu ndi miyendo yomwe. Anauza amayi ake kuti Loweruka abwera ndi mlendo, ndipo amayiwo anachapa makatani onse a pabalaza.

Sabata yomweyo bwana anamuitana. "Yerekezani zida zofufuzirazi, mutiuze Lachisanu choti gulu lonse lizigwiritsa ntchito."

Lachinayi masana anakhala pansi kuti aziyese mufoda imene gulu lonse linkasungamo ntchito. Afufuze mawu ati? Akumwetulira yekha, analemba amene anali pamtima pake: duwa langa.

Ripgrep inayankha nthawi yomweyo kuti palibe. Grep inachedwa monga mwa masiku onse, ikutsegula fayilo iliyonse, yoonekera ndi yobisika yomwe. Kenako inatulutsa fayilo yobisika m'kafoda ka Liwiro.

Anaitsegula. Munali kapulogalamu kotumiza uthenga kokha 6 koloko iliyonse. Pansi pake panali manambala asanu a foni, iliyonse ndi dzina lake lokoma: nyenyezi yanga, mtima wanga, duwa langa, njiwa yanga, shuga wanga. Uthengawo unali umodzimodzi. Nambala yake inali pamzere wachitatu.

Ndiye kuti pamene iye ankapsompsona foni m'mawa, mwini uthenga anali akuliza mkonono? Anapita kubafa, nalira mpaka maso kufiira. Atatha anasamba kumaso, nabwerera kudesiki kukamaliza ntchito yake.

Lachisanu anaimirira pamaso pa gulu lonse.

"Ripgrep ndi yachangu, sindikana. Fzf ndi yabwino ukaiwala dzina la fayilo. Tizigwiritse ntchito. Koma ripgrep muziiuza kuti iyang'anenso zobisika, apo ayi idzakuuzani kuti palibe kanthu pomwe chilipo. Ine dzulo grep yandipezera zimene sindinkazifuna n'komwe."

"Zotani?" anafunsa bwana.

"Kapulogalamu kosakhudzana ndi ntchito, bwana. Mwini wake achotsa yekha."

Liwiro anabisa nkhope kuseri kwa kompyuta yake. Bwana anagwedeza mutu. "Ntchito yabwino. Kuyambira Lolemba, antchito atsopano muziwaphunzitsa ndinu."

Anthu anaomba m'manja, wina nakuwa, "Mayi Grep woyee!"

Pamasitepe, Liwiro anamutsekera njira. "Duwa langa, tandimvera! Enawo anali masewera chabe. Mumtima mwanga woyamba ndiwe!"

"Musaname, achimwene. Ndinawerenga ndekha. Ndinali wachitatu."

"Mpaka kundinena kuti achimwene? Nanga mawa kwa amayi?"

"Makatani achapidwa kale, ayera, palibe chatayika. Pitani mukafufuze wina. Inu si achangu?"

Anatsika masitepe osacheuka. Kunyumba anafotokozera amayi ake zonse. Iwo anamukumbatira, nati, "Mwanawe, walira tsiku limodzi, ukanalira zaka."

Loweruka m'mawa, 6 koloko yeniyeni, foni inalira. Liwiro anali ataiwala kuzimitsa kapulogalamu kake! "Wadzuka bwanji, duwa langa?"

Mayi Grep anaseka mpaka amayi ake anagogoda pachitseko. Kenako anayankha: "Ndadzuka bwino, kompyuta. Mwini wako akadzuka, umuuze kuti pamzere wachitatu anthu anasamuka."