Dzina Lodumphidwa Pakhoma la Sukulu

Sukulu ina yakalekale ya pulayimale paboma la Nkhotakota inkakonzekera chikondwerero chokwanitsa zaka 90. Akomiti anaitana Zaidi, katswiri wolemba zikwangwani, kuti alembe pakhoma mayina a ahedi onse kuyambira pachiyambi. Dzanja lake lamanja ndilo linkadyetsa ana ake anayi, ndipo ankalinyadira mpaka kutopetsa anzake.

Papepala lomwe anamupatsa panali mpata. Kuchokera 1957 mpaka 1963 panalibe dzina. Atafunsa, apampando anangoti, "Dumphani pamenepo, achimwene." Iye anadumphadi.

Dzuwa linalowa asanamalize. Anayatsa tochi ya foni n'kupitiriza.

Kenaka kumbuyo kwake kunamveka nsapato. Gwa. Gwa. Gwa. Atacheuka anaona bambo wamtali, wovala kabudula wa khaki ndi masokosi ofika m'maondo, ndodo ili m'khwapa. Ankanunkha choko ndi dothi lonyowa.

"Werenga," anatero bamboyo.

Zaidi, munthu wa imvi zake, anawerenga ngati mwana wa Sitandade 2. Atafika pampata paja anangopitirira ku dzina lotsatira.

"Wadumpha. Bweretsa zala."

Anafuna kuthawa, koma dzanja linadzuka lokha, zala zitasonkhana pamodzi monga ankachitira ali mwana wasukulu. Ndodo inatsika. Chikhadabo chinathothoka. Inatsikanso, fupa linamveka kuthyoka. Magazi anadontha m'chitini cha penti.

"Ndilemba, aphunzitsi! Ndiuzeni dzina lanu!"

"Mwana wasukulu osadziwa dzina la ahedi ake?" Ndodo inatsikanso. "Mawa ndibwera kudzachonga. Ndikapeza mpata, tiyamba dzanja linalo."

M'mawa amayi ophika phala anamupeza atagwada pamiyala, manja ali m'mwamba, zala zitatu zili lendelende.

Anthu ankanong'onezana kuti zaka zimenezo panali hedi wina yemwe anamenya mwana wochedwa mpaka kumupha, ndipo makolo analumbira kuti dzina lake lisadzatchulidwenso.

Atangomumanga bandeji kuchipatala, Zaidi anayenda khomo ndi khomo kwa okalamba omwe anaphunzira pasukulupo. Zinali zomvetsa chisoni kumuona. Aliyense ankangopukusa mutu. Pomaliza anafika kwa a Kalilu, msodzi wokalamba yemwe amakumbukira chilichonse, n'kugwada pakhonde pawo.

"Chonde bambo, mungondinong'oneza basi. Ndatsala ndi dzanja limodzi."

A Kalilu anayang'ana bandeji ija.

"Mwana anaphedwayo anali mng'ono wanga," anatero, n'kutseka chitseko.

Apo n'kuti dzuwa litapendeka kale.