Chinsomba cha Malemu Onesimo

Anamuuza. Pasapezeke munthu wonena kuti Dennis sanauzidwe, chifukwa mayi ake omubala, a Bernadeta, anamuuza dzuwa likuswa mtengo, pakhonde la nyumba yawo ku Chilomoni, mkazi wake Jesinta ali pomwepo akusankha nyemba. Ndipo a Abdula, aja amagulitsa nyama ya mbuzi pafupi ndi bwalo la mpira, akadali moyo. Kawafunseni. Munthu wopemphera kasanu pa tsiku sanganame pa nkhani ya maliro.

Chinali chaka chachiwiri chichitikireni chisankho cha matipate, mwezi wa Ogasiti, mphepo ili pachimake. A Bernadeta anali ndi ana awiri okha, onse aamuna. Wamkulu, Onesimo, anapita ku Joni njira zitangotseguka, nakapeza ntchito pa hotela ina ku Debeni, m'mphepete mwa nyanja yamchere. Anabwerako ali m'bokosi. Chifuwa, anatero anzake amene anaperekeza mtembo. Pamodzi ndi bokosilo panabwera chikwama chachikulu, ndipo maliro atatha, abale atakhala pansi kuti agawane zovala, pansi penipeni pa chikwamacho anapeza chinthu chimene sanachidziwe.

Dennis, wamng'onoyo, anachitambasula pabwalo. Chinayambira pakhomo mpaka kukafika kuchimbudzi. Chinali chinsomba cha nsalu yoterera ngati ya ambulera, chabuluu, maso ake aakulu ngati mabeseni. Panalinso chithunzi: Onesimo ali pamchenga, buluku atapinda, chingwe chili m'manja, chinsombacho chili m'mwamba pakati pa zinzake.

"Kaiti iyi!" anatero Dennis. "Achimwene ankandilembera m'kalata. Kumeneko madoda a ndevu zawo amaulutsa zimenezi kunyanja Lamulungu lililonse. Ndiye nawonso anatengera."

A Bernadeta chithunzicho sanachiyang'ane. Maso awo anali pamutu wa nsombayo. Thupi lonse linali lophwa, lokwinyika ngati chovala chongochapa kumene, koma mutu wokha unali wotupa. Anaudina ndi chala. Unabwerera. Mkati munali chubu ngati cha njinga, chokhala ndi kapaipi kouzira ndi pakamwa, kotseka bwinobwino.

"Anauzira ndani umu?"

"Eni ake, amayi. Nanga angauzire ndani?"

"Ndiye kuti mwana wanga tamuika wosakwanira."

Jesinta analeka kusankha nyemba.

"Uwu ndi mpweya wake," anatero a Bernadeta. "Unatuluka m'chifuwa mwake ali moyo, sunabwerere. Mawa utenge chinthuchi tipite nacho kumanda, ukatsegulire pamtumbira, mpweya upite kwa mwini wake. Usachiulutse. Ndipo pakamwa pako pasayandikire kapaipi ako. Kwathu ku Nsanje ngakhale kaliwo wa womwalira sasutirapo wina."

Dennis anali munthu wabwino, wansangala, wowotcherera mageti ndi mawindo kumsika. Koma makutu ake anali okongoletsa mutu basi.

"Amayi, ino ndi nthawi ya matipate. Mizimu nayo ikakhala ndi madandaulo izikaima pamzere, ikavote."

Jesinta anaseka, kenako anadzigwira pakamwa.

"Sekani," anatero a Bernadeta. "Ine sukulu sindinapondeko, koma ndaika anthu ambiri kuposa amene iwe wawawotcherera mageti."

Kunena zoona, sunali mwano wokha. M'kalata yomaliza, Onesimo anamulonjeza mng'ono wake kuti akadzabwera pa Khirisimasi adzaulutsa chinsombacho limodzi, Chilomoni yense adzaone. Chimenecho ndicho chinkamudya Dennis. Mayi ake ankadziwa, n'chifukwa chake chinthucho sanachiwotche. Dennis atakana kupita nacho kumanda, iwo anangochibisa kuseri kwa matumba a chimanga. Ana inu, chinthu choopsa sachibisa m'nyumba momwe muli wochifuna.

Loweruka masana a Bernadeta ankachokera kutchalitchi, kumene amayi a Legio ankakolopa. Anamva anthu akukuwa, ena akuimba malikhweru. Anakweza maso. Pamwamba pa malata a Chilomoni, chakuphiri la Michiru, chinsomba chabuluu chinali kusambira m'mlengalenga.

Anathamanga, nkhalamba ya mawondo ovuta, mpango n'kugwa panjira osautola.

Pabwalo la mpira panali anthu ngati pamsonkhano wa chipani. Jesinta anawachingamira.

"Amayi, musakalipe. Mutu uja unali utaphwako pang'ono, ndiye anangowonjezera. Katatu kokha."

"Ndi pakamwa?"

Jesinta anayang'ana pansi.

Poyamba panalibe choipa chooneka. Dennis anali pakati pa bwalo, malaya akupepeluka, mano onse ali panja. "Amayi, taonani achimwene akusambira!" Mwera unkawomba mwamphamvu. Majumbo ndi mapepala ankauluka, fumbi likulowa m'maso, utsi wa pamalo owotchera nyama a a Abdula utagona chammbali.

Kenako mphepo inaleka.

Sinachite kuchepa pang'onopang'ono ayi. Inangoduka, ngati wina watseka chitseko. Majumbo anagwa pansi. Utsi unaima chilili. Makhwangwala amene ankazungulira pamsika anatera onse pa bulugamu mmodzi, n'kukhala duu.

Kaiti ikasowa mphepo imagwa, zimenezi aliyense amadziwa. Iyi sinagwe. Inabwera n'kudzaima pamwamba penipeni pa Dennis, chingwe chitakungika ngati waya.

Ndiye kunamveka fungo. Fungo la mchere ndi nsomba yaiwisi, kuno ku Chilomoni kopanda nyanja. A Abdula amati anayamba anunkhiza nyama yawo, kuganiza kuti yawonongeka.

Anthu anasiya kuseka.

A Bernadeta anayang'anitsitsa mutu wa nsomba uja. Unkatupa, n'kuphwa. Kutupa, kuphwa. Anayang'ana chifuwa cha mwana wawo. Nsomba ikatupa, chifuwa chinkalowa mkati. Chifuwa chikafuna kukwera, chinkalekezera panjira.

Ndipo chingwe chinkalira. Kamawu kakang'ono, fyii, fyii. Ena anati ndi mmene chingwe chimachitira chikakungika. Koma a Bernadeta anakadziwa. Onesimo ali khanda, mphumu ikamugwira nyengo yachisanu, ankalira choncho kumsana kwawo.

"Dennis. Taya chingwe."

"Amayi... manja..."

Zala zinali zitaumira pa kamtengo kokulungira chingwe. Amuna awiri anayesa kuzitambasula. Zinakanika. Milomo yake inayamba kutuwa.

A Abdula anabwera ndi mpeni wawo wa nyama, naima pafupi ndi a Bernadeta. Anayankhula motsitsa.

"Mayi, ndidule?"

Akadula, mpweya wa Dennis upita ndi nsomba. Akapanda kudula, nsomba ikoka ndi wotsalawo. Korona anali m'manja mwa a Bernadeta, koma mapemphero onse amene anawaloweza kuyambira ali mtsikana anathawa. Anangokweza nkhope.

"Onesimo, mwanawe. Uyu ndi mng'ono wako. Ndatsala naye yekhayu."

Nsomba inaweramitsa mutu. Anthu oposa zana anaona. Inayang'ana pansi ndi maso ake a nsalu aja, nthawi yaitali ndithu.

Kenako inatupanso.

"Dulani!" anakuwa Jesinta.

Mpeni unadutsa. Dennis anagwa chagada. Nsomba sinapite kum'mawa kapena kumadzulo. Inakwera molunjika, pang'onopang'ono, mchira uli lende, mpaka inakhala ngati ntchentche, mpaka maso analephera. Palibe amene anaitola, ku Michiru, ku Chirimba, kulikonse.

Mphepo inabwerera. Dennis anakoka mpweya, haa! Anthu anawomba m'manja, ati wapulumuka. A Bernadeta sanawombe.

Kuchipatala anamujambula chifuwa kawiri, osapeza kanthu. Bambo mfumu anabwera ndi madzi odalitsa, nawaza nyumba yonse. A Bernadeta anapita kumanda, nagwada pamtumbira wa Onesimo, koma akanatsegulapo chiyani, chinthucho chitapita? Anangolira n'kubwerako.

Amene anazindikira anali iwo omwewo, chifukwa mayi sachotsa maso pa mwana. Dennis ankapuma kunja kukakhala mphepo. Masamba a mango akamagwedera, ankadya, ankacheza, ankafunsa za mageti amene anawasiya osamaliza. Masamba akangoima, maso ankatong'oka, manja n'kumakanda mphasa ngati munthu womira. Anamuyalira pakhonde, mbali yochokera mphepo. Ogasiti anatha choncho. Mu Seputembala mphepo inayamba kuchepa, ndipo aphunzitsi ena oyandikana nawo anawabwereka fani. Faniyo inkazungulira osapuma, Dennis atagona patsogolo pake, akuwonda.

"Amayi, ndikanakumverani," anatero tsiku lina.

"Idya phala," anatero a Bernadeta. Nanga akananena chiyani?

Ndiye kunabwera Okutobala. Mukumudziwa Okutobala wa ku Blantyre, mmene kumakhalira ziii podikira mvula, malata akuthetheka, nkhuku zitayasama pansi pa nkhokwe.

Lachiwiri lina, dzuwa lili paliwombo, magetsi anathima.

Fani inazungulira kawiri, katatu, n'kuima. Jesinta anali atapita kukasaka madzi kutali, pakuti mipope inali youma kuyambira Lamulungu. A Bernadeta anayang'ana mtengo wa mango. Panalibe tsamba ndi limodzi lomwe logwedera.

Anatenga lichero nayamba kumukupiza.

Kukupiza kumodzi, mpweya umodzi. Kukupiza kumodzi, mpweya umodzi.

Anakuwa kuitana aneba. Amuna anali kuntchito, akazi onse kumadzi. Anayankha ndi galu, kutali, kamodzi kokha.

Anasintha dzanja. Anasinthanso. Anagwira ndi manja onse awiri. Thukuta linkalowa m'maso, osapeza dzanja lopukutira.

"Amayi," anatero Dennis, mawu ali ngati kanong'onong'o, "mwatopa. Pumulani."

"Khala chete. Usawononge mpweya."

Mthunzi wa nyumba unachoka pakhomo, n'kufika pa mwala wochapira. Iwo akukupizabe. Mapewa ankayaka moto. Zala sankazimvanso.

Dzanja la nkhalamba si makina.

Lichero linagwa. Linagubuduka kutsika masitepe awiri a khonde, n'kukaima pabwalo. A Bernadeta anakwawa kukalitola. Amalumbira kuti sinali nthawi yokwana ngakhale kunena Tikuoneni Maria mmodzi.

Pamene Jesinta ankafika ndi ndowa pamutu, magetsi anali atayaka kale, fani ikuzungulira, masamba a mango akugwedera. Anapeza apongozi ake atagwada pambali pa mphasa, akukupizabe mwana amene anali atasiya kale kupuma. Anawaitana, osacheuka. Anachita kubwera amuna awiri kudzawalanda licherolo.