Bala Yosatseka pa Maliro

Bala ya Pumulani inali yakale kwambiri pa Chitipa Boma. Bambo ake a Wongani anaimanga atabwerako ku migodi ya ku Zambia, ndipo masiku amenewo aphunzitsi, apolisi ndi oyendetsa malole onse ankamwera pomwepo. Koma msewu wa phula utafika kuchokera ku Karonga, anthu anatsegula mabala atsopano oonetsa mpira, Pumulani n'kutsala ndi ntchentche basi. Wongani, yemwe anatsala ndi balayo, ankangokhala pakhomo, denga likudontha, kuonerera makasitomala akulowa kwa anzake. Nsanje inamudya munthu uja mpaka anaonda.

Tsiku lina anakwera njinga yamoto kupita ku Nthalire, kwa sing'anga wina yemwe anthu ankamutchula monong'ona.

"Monire dada. Ndikufuna bala yanga idzazenso."

"Idzaza," anatero sing'angayo, akumupatsa kanyanga kokulunga m'nsanza. "Ukakwirire pakhomo. Koma aka sikafuna misozi. Chitseko chisatsekedwe, nyimbo zisazime, ndipo iweyo pamaliro usadzapondepo."

"Nanga akamwalira wachibale?"

"Pamenepo ndiye ukweze nyimbo. Nthawi imeneyo kanyangaka kamakhala kakudya."

Wina akanathawa pomwepo, koma Wongani anangothokoza kuti yewo.

Aa, bala inadzazadi! Malata atsopano, furiji, mpaka galimoto. Kenaka mkulu wake Caleb anagwa m'munda ku Kaseye osadzukanso. Wongani anatumiza bokosi lodula, iye osapita. Mayi woyandikana nawo nyumba atamwalira, mashopu onse anatseka monga mwa mwambo, koma akwaya ankaimba molimbana ndi masipika a Pumulani. Anthu anaziona zonsezi. Anangosunga mumtima.

Mwana wake mmodzi yekhayo, Towera, atayamba kufooka, achipatala osapeza matenda, mkazi wake Phyllis anamugwadira.

"Bambo a Towera, chimene munaika pakhomopo chotsani, ndapota nanu."

Wongani anakumba ndi khasu mpaka dzenje linafika m'chiuno, kanyanga osaoneka. Anathamangira ku Nthalire ndi mantha aakulu, koma anapeza nyumba ya sing'anga itagwa, pabwalo patamera udzu. Pobwerera anamva kulira kwa Phyllis ali patali.

Tsiku limenelo anazimitsa nyimbo, natseka chitseko. Anatulutsa mipando ya m'bala n'kuiyala pabwalo kuti olira akhalepo. Dzuwa linafika pamutu, mipando ili yokha. Anapita kukagwadira adzukulu okumba manda, koma mkulu wawo sanadzuke n'komwe pampando.

"Maliro athu munkativinira, achimwene. Kaitaneni makasitomala anu akukumbireni."

Zomvetsa chisoni, abale. Manda a Towera anakumba ndi Wongani yekha, Phyllis akuchotsa dothi ndi beseni lotsukira matambula.

Lero Pumulani ndi bwinja, mumagona mbuzi. Phyllis anabwerera kwawo. Wongani mutu unasokonekera. Maliro akangomveka kulikonse, iye amafika woyamba ali m'nsanza, n'kulira mokweza munthu wosamudziwa mpaka anthu amuchotse kumanda mochita kukoka.

Inu ofuna kulemera msanga, imvani: chuma cha mankhwala chimayamba chakulandani abale, kenako chimakulandaninso anthu okuthandizani kuwaika m'manda.