Ukanditengere Nyanja

Uyu ndi Matumba. Dzina lake lenileni anthu anaiwala kalekale. Amamutcha Matumba chifukwa amatola chilichonse. Batani, amatola. Chitsekerero cha botolo, amatola. Kawaya kopindika, amatolanso. Zonse zimalowa m'matumba a diresi lake. Amayi akamachapa, amangogwira mutu.

Matumba ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna achimwene ake asekenso.

Achimwene anagwa pa njinga. Mwendo unathyoka. Adokotala anaukulunga ndi chikhakha choyera, cholimba gwa. Chikhakhacho chinayambira pantchafu mpaka kuphazi. Zala zisanu zokha ndi zimene zinkasuzumira kunja.

Kale achimwene ankaseka kwambiri. Ankaseka mpaka anansi kugogoda khoma. Tsopano ayi. Ankangogona pabedi. Ankangoyang'ana kukhoma. Chakudya chinkazizira pampando.

M'nyumba munali zii.

Tchuthi chinafika. Kunja kunatentha. Chaka chilichonse, kukatentha chonchi, banja lonse linkapita kupaki ya m'mbali mwa nyanja. Ankasambira. Ankapalasa bwato. Achimwene ankakwirira miyendo yawo mumchenga. Kenako ankakuwa kuti, "Thandizeni! Miyendo yanga yasowa!"

Chaka chino adokotala anati ayi.

"Ine nditsala ndi mnyamatayu," anatero Amayi kwa Bambo. "Inu pitani ndi Matumba. Mwanayu wabindikira mokwanira."

Matumba anaima pakhomo la chipinda.

"Achimwene, ndikubweretsereni chiyani?"

Achimwene sanatembenuke. "Palibe."

"Nenani chabe."

"Iwe, usandivute. Ukanditengere nyanja, ngati ungathe."

Achimwene anangonena ndi mkwiyo. Koma Matumba sanazitenge ngati nthabwala.

"Chabwino," anatero. "Ndikakutengerani. Ndalonjeza."

Anapita kukakhuthula matumba ake onse. Mabatani, zitsekerero, mawaya, zonse anasiya patebulo. Nyanja ndi yaikulu. Imafuna malo.

Matumba ndi Bambo anakwera basi. Basi inawatsitsa pageti la paki. Pageti panali chikwangwani chachikulu. Chinali ndi mawu ambiri. Kodi Matumba anawerenga? Aaa, iyeyo? Anangodutsa, fumbi koboo!

Nyanja inali pomwepo. Mitengo inali pomwepo. Mabakha anali pomwepo. Achimwene okha ndi amene panalibe.

Matumba analowa m'madzi. Madzi anali ozizira bwino. Koma panalibe womuwaza. Panalibe womukoka phazi. Anasambira pang'ono, n'kutuluka.

"Tiye tikapalase bwato," anatero Bambo.

Mwini mabwato anawaveka majekete oyandamitsa. Kenako anayang'ana kumbuyo kwawo.

"Nanga wamtali uja ali kuti? Waphokoso uja?"

"Ali kunyumba," anayankha Bambo. "Anathyoka mwendo."

"Ogo! Pepani," anatero mwini mabwato. Jekete lachitatu analibweza pamsomali.

Bwato linali ndi mipando itatu. Bambo anakhala kumbuyo. Matumba anakhala kutsogolo. Mpando wapakati unalibe munthu. Matumba sanafune kuuyang'ana. Mtima unkamuwawa.

Pamchenga ana ankasewera mpira.

"Iwe wa diresi lachikasu! Bwera tisewere!"

"Sindingathe," anatero Matumba. "Ndili pantchito."

Ndipo anayambadi ntchito.

M'mphepete mwa madzi anapeza mwala. Unali wosalala. Unali wozizira. Anauika m'thumba lakumanja.

Anapeza chigoba cha nkhono. Chinali chozungulira bwino. Anachiika m'thumba lakumanzere.

Pafupi ndi bango anapeza nthenga ya bakha. Inali yofewa. Anaiika pamodzi ndi chigoba.

Kenako anamaliza madzi akumwa a m'botolo lake. Anatungiramo madzi a m'nyanja. Koma chitsekerero chinagwera mumchenga. Anafuna, anafuna, osachipeza. Tsiku lina lililonse akanakhala ndi zitsekerero zisanu m'thumba. Lero analibe ngakhale chimodzi. Anangotseka botolo ndi chikhatho.

"Mwala, chigoba, nthenga, madzi," anawerenga. "Nyanja yakwana."

Nthawi yobwerera inafika. Pageti panaima a mlonda a paki. Anavala chipewa chobiriwira. Anayang'ana matumba a Matumba. Matumbawo anali atatupa ngati masaya a mwana wodya chobisa.

"Mwanawe, m'matumbamo muli chiyani?"

"Muli nyanja," anayankha Matumba.

"Nyanja? Tandionetsa."

Matumba anatulutsa mwala. Anatulutsa chigoba. Anatulutsa nthenga.

A mlonda analoza chikwangwani chija. "Tawerenga mzere woyambawo."

Matumba anawerenga pang'onopang'ono. "Za mupaki muno zitsale mupaki muno."

Mtima wake unangoti phwii.

"Koma si zanga," anatero. "Ndi za achimwene anga. Ali pabedi. Sakuseka. Sakudya. Ndinawalonjeza."

A mlonda ananjuta pansi. Anaika chigoba padzanja lawo. "Tadikira. Usachigwedeze."

Anadikira. Anadikira. Kenako tinyanga tiwiri tinatuluka. Kankhono kanasuzumira!

"Waona? Iyi ndi nyumba ya mwiniwake," anatero a mlonda. "Pansi pa mwala pamabisala tizilombo. Nthenga, mbalame ikayalira chisa."

"Koma ndangotola kamodzikamodzi."

"Inde. Koma pano pamabwera anthu ambiri. Uyu kamodzi, uyo kamodzi. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Achimwene ako akadzachira, adzapeza chiyani?"

Matumba anayang'ana Bambo. Bambo anangopukusa mutu.

"Lamulo ndi lamulo, mwanangu," anatero Bambo.

Misozi inalengeza m'maso mwa Matumba.

"Nanga madziwa?" anafunsa.

A mlonda anasuzumira m'botolo. Munalibe kansomba. Munalibe kachule.

"Madziwo pita nawo," anatero.

Matumba anapatsira Bambo botolo. Anabwerera kunyanja yekha. Anavula nsapato, n'kuzisiya pamchenga. Analowa m'madzi mpaka m'mawondo.

Mwala anaubweza. Chubwi!

Chigoba anachiika pansi mosamala.

Nthenga anaisiya pa bango. Mphepo inaitenga.

Matumba ake onse anatsala pululu.

Ana a mpira aja anathamanga pafupi ndi nsapato zake. Anazithira mchenga. Matumba sanaone n'komwe.

Piii! Piii!

"Fulumira!" anaitana Bambo. "Basi itisiya!"

Matumba anangolowetsa mapazi m'nsapato. Nsapato zinali zolemera. Zinkamulasa. Koma panalibe nthawi yozikuntha.

M'basi Matumba anakhala pawindo. Botolo analigwira ndi manja awiri. Dzanja lina pansi, dzanja lina pakamwa pa botololo. Sanayang'ane kunja. Ankangoyang'ana madziwo.

Basi inayenda, inayenda. Kenako inagwera m'dzenje. Gubudu!

Botolo linapulumuka. Madzi anakhuthukira pa diresi. Onse. Onse ndithu. Botolo linagubuduka pansi pa mipando.

Apa Matumba analira. Sanalire mobisa ayi. Analira mokweza.

"Ndilibe kanthu, Bambo! Ndinalonjeza! Ndilibe kanthu!"

Bambo anamupatsa kampango. Anamugwira paphewa mpaka kukatsika.

Anafika kunyumba dzuwa lidakalipo. Amayi anawalandira pakhomo.

"Mwayenda bwanji?" anafunsa Amayi.

Matumba anayang'ana kuchipinda. "Achimwene adya?"

"Ayi," anatero Amayi. "Mbale idakali pampando."

Matumba anayenda pang'onopang'ono. Anakankha chitseko cha chipinda. Achimwene ankayang'anabe kukhoma.

"Achimwene, pepani."

Achimwene sanatembenuke.

"Ndinatola mwala. Ndinatola chigoba. Ndinatola nthenga. A mlonda anakaniza. Madzi anatayika m'basi. Nyanja sindinabweretse."

Anakhala m'mphepete mwa bedi. Diresi linali lonyowabe. Tsitsi linali lonyowabe.

Mphuno ya achimwene inagwedera. Fwe. Fwe fwe.

"Chikununkhachi n'chiyani?" anafunsa.

"Sindikudziwa."

Achimwene anatembenuka. Anatembenukadi! Ananunkhiza diresi. Ananunkhiza tsitsi.

"Iwe! Ukununkha matope. Ukununkha bango. Ukununkha mabakha!"

"Pepani. Ndikasamba."

"Ayi! Usasambe! Khala pompo." Achimwene anatseka maso. Anakoka mpweya wautali. "Ndi fungo lomwelo. Lomwe lija."

Matumba sanasunthe. Koma mapazi ankamuwawa. Anakweza mwendo. Anakoka nsapato. Nsapato inakana. Anakokanso mwamphamvu.

Vuu!

Nsapato inavuka. Mchenga unakhuthukira pabedi. Waaa!

Matumba anagwira pakamwa. Achimwene anatong'ola maso.

"Vula inayo," anatero achimwene.

Matumba anavula inayo. Waaa! Mchenga winanso.

Achimwene anaugwira. Unali wofunda. Unadutsa pakati pa zala zawo.

"Uunjike apo," anatero. "Kuphaziko."

Matumba anasonkhanitsa mchenga ndi manja. Anauthira pa zala zisanu zija. Chala chachikulu chinabisala. Chachiwiri chinabisala. Zonse zinabisala.

Achimwene anayang'ana phazi lawo. Milomo inayamba kunjenjemera. Kenako anakuwa.

"Thandizeni! Zala zanga zasowa!"

Amayi anabwera chothamanga. Bambo anabwera pambuyo.

"Mayo ine! Mchenga pabedi!" anatero Amayi. "Nsalu ndachapa dzulo lomweli! Tsache lili kuti?"

"Musasese, Amayi!" anatero achimwene. "Ndili kunyanja!"

Ndipo anaseka. Anaseka mpaka bedi kugwedezeka. Amayi anaima ndi tsache m'manja. Sanasese. Anangopukuta m'maso ndi nsonga ya malaya.

Koma Matumba anachita mantha.

"Bambo, za mupaki zitsale mupaki. Kodi ndaba?"

"Unautola?" anafunsa Bambo.

"Ayi."

"Unauika m'thumba?"

"Ayi."

"Ndiye sunabe. Unakutsatira wokha."

"Tidzaubweza," anatero achimwene. "Chikhakhachi chikachoka, ndidzaunyamula ndekha. Iwe udzandionetse pamene unasiya kankhono kaja."

Kenako anayang'ana mbale ija pampando.

"Amayi, tanditenthetserani chakudyacho. Kunyanja kumachititsa njala."

Onse anaseka. Achimwene anaseka kuposa onse.

Go! Go! Go!

Anansi anagogoda khoma.

Matumba anamva kugogodako. Anadumpha ndi mapazi ake amchenga.

"Amayi, mwamva? Agogodanso!"