Mphasa ya Bambo Pansi pa Mandimu

Lamduan anaweruka kusukulu n'kupeza utsi uli tolotolo kuseri kwa nyumba. Mayi ake, a Buapan, anali atakokola mapesi a mpunga amene malemu bambo anaphimbira pansi pa mitengo ya mandimu, n'kuwayatsa moto.

"Amayi, mapesiwo bambo anaika dala. Ankati dothi lathuli likakhala lamaliseche..."

"Bambo ako ankati zambiri," anadula mayiwo. "Mawa amonke achibuda akubwera kudzawapempherera. Ukufuna adzakhale pa zinyalala ngati nkhuku? Azakhali ako adzalengeze kuti mwamuna kungofa, nyumba yasanduka khola la njati zolimira? Tenga tsache."

Lamduan anatenga tsache. Mayi ake sankatsutsika. Ngakhale ogula tsabola pamsika ankawaopa.

Mitengoyo bambo anaibzala chaka chimene anayamba kudwala chifuwa. Anthu ankawaseka, poti m'mudzimo dzuwa likawomba mchere umatuluka pansi, nthaka n'kuyera ngati pathiridwa ufa. "A Khamdi akufuna mandimu obwera ndi mchere wake," ankatero. Iwo ankangoseka nawo, akuyala mapesi. "Adzathyola ndi Lamduan," ankayankha choncho.

Lamduan ndi mayi ake anasesa mpaka kufika pa mtengo wa kumapeto. Pamenepo panali mphasa yong'ambika imene bambo ankagonapo masana atafooka. A Buapan anaima, tsache lili m'manja.

"Iyo isiye," anatero, n'kuyang'ana kumbali.

Amonke anabwera, anadya mpunga womata ndi nsomba, anapemphera. Azakhali a Thongsai anayamikira kuti pakhomo pali ngwee.

Kenako kunabwera chilimwe. Lamduan ankathirira m'mamawa asanapite kusukulu, koma pobwera ankapeza pauma gwaa, pamwamba pali nkhanambo yoyera. Masamba anayamba kupsa m'mphepete, kenako kuyoyoka.

"Ukuthira madzi ngati ukupatsa mwanapiye," anakalipa mayi ake. "Ulesi basi. Bweretsa ndowazo."

Anathirira okha, thukuta lili kamukamu. Madzi ankauma msanga, mchere n'kutsala wochuluka kuposa dzulo. Mtengo woyamba unauma. Wachiwiri unatsatira. Lamduan ankathyola kanthambi kuti aone ngati mkati muli mobiriwira, koma kankangoti thyo. Analeka kudutsa kuseriko popita kusukulu. Zinkamupweteka ngati bambo akumwaliranso pang'onopang'ono.

Unatsala wa kumapeto uja. Tsiku lina Lamduan ananyamula ngodya ya mphasa kuti athire madzi, ndipo anagwada pompo. Mapesi otsala pansi pake anali atawolerana. Dothi linali lakuda, lozizira, lopanda nkhanambo, nyongolotsi ikudzikoka kulowa pansi. Atakweza maso anaona timaluwa toyera pa nthambi.

"Amayi, tabwerani."

"Ndikuphika. Wafa nawonso?"

"Tangobwerani."

A Buapan anabwera akupukuta manja. Anatola kadothi pansi pa mtengo wouma, n'kukalawa, n'kulavula. Kenako anapisa zala pansi pa mphasa. Sanazichotse msanga.

"Anandiuza," anatero chapansipansi. "Ine ndinawayankha kuti akundiitanira njoka pakhomo."

Lamduan anali asanaonepo mayi ake akulira, ngakhale pamaliro. Tsikulonso sanalire. Anangobwezera mphasa bwinobwino, n'kuikanikiza m'mphepete ngati akufunditsa wodwala.

M'mawa mwake a Buapan analawirira kwa azakhali, amene anali ndi mulu wa mapesi odyetsera njati zawo. Anakangana mpaka anagwirizana zosinthana ndi dengu la tsabola wouma.

"Alamu, mwayamba kuweta zinyalala?" anafunsa a Thongsai akuseka.

"Zinyalala zanga, pakhomo panga. Ndisenzetseni."

Anayala mapesi mozungulira mtengo wamoyo, mokhuthala, Lamduan akuthira madzi pamwamba. Atamaliza, mayiwo ananyamula otsala n'kupita pa mitengo youma ija. Anagwada, n'kuyamba kuyalanso.

"Amayi, iyi inauma kale."

"Ndikuona. Maso ndili nawo," anayankha a Buapan osacheuka, manja akuyalabe.