Tulo ta Kathabwa

Uyu ndi Kamsomali.
Ndi wowonda. Ndi wowongoka. Akakana, wakana.
Dzinali anamupatsa ndi Ababa.
Ababa anali kalipentala.

Uyu ndi Kathabwa, mlongo wake wamng'ono.
Kathabwa wangoyamba kumene kuyankhula.
Dzina lakenso anapereka ndi Ababa.

Kamsomali ankafuna chinthu chimodzi basi.
Ankafuna kuti Kathabwa azigona osalira.

Kale Kathabwa ankagona bwino.
Kale Ababa analipo.
Kenako Ababa anadwala. Kenako anamwalira.
Abale anabwera. Analira. Anadya.
Pochoka anatenga sowo.
Anatenga hamala.
Anatenga puleni yopalira matabwa.
Anasiya utuchi.
Anasiyanso benchi. Inali yolemera.

Amayi anayamba kuchapa zovala za anthu.
Masana ankachapa. Madzulo ankasita.
Ankasitira pa benchi ya Ababa.

Dzuwa likalowa, Kathabwa ankayamba.
Ankalira pabedi.
Ankalira kumsana.
Ankalira m'manja.
Amayi ankamuimbira. Iye ankalira.
Amayi ankamupatsa madzi. Iye ankalira.
Mawu ankatha, misozi osatha.

"Mumwetseni mankhwala," anatero aneba.
"Muopsezeni ndi galu," anatero wogulitsa makala.
Mwana akakhala wa mnzako, nzeru zimachuluka.

Tsiku lina Amayi anagona choimirira.
Simbi inali m'manja.
Malaya a aphunzitsi anapsa.
Kumsana kwa malaya kunatsala chithunzi cha simbi.

Azakhali anamva. Azakhali amamva zonse.
Iwo anali mlongo wa Ababa.
Anabwera osagogoda.

"Alamu, mwanayu mwamulekerera," anatero Azakhali. "Mwana amamutsekera m'chipinda. Alira, alira, atopa. Akatopa agona."
"Mwana si wailesi, alamu," anatero Amayi. "Sazimitsidwa."
"Ndiye muzingowotcha malaya a anthu? Mudya chiyani, phulusa?"
Amayi anatsegula pakamwa kuti ayankhe.
M'malo moyankha, anayasamula.
"Mwaona?" anatero Azakhali. "Loweruka ndibwera ndi chikwama. Ndikapeza akulirabe, ndimutenga. Kwathu kuli chitseko cholimba."

Kamsomali anamva zonse.
Anaganiza za chitseko chija.
Anaona Kathabwa kuseri kwake.
Anaona timanja tikumenya chitseko, munthu osabwera.
Mtima wake unalemera ngati benchi.

Kamsomali analowa pansi pa benchi.
Pansi pa benchi pankamveka fungo la Ababa.
M'ming'alu munali utuchi.
Kuwala kwa dzuwa kunalowa pawindo.
Fumbi linkayandama pang'onopang'ono.
Kamsomali anatsinzina.

Ndipo anamva.
Swaa. Swaa. Swaa.
Ndi Ababa, akupala thabwa.
Fuu.
Ndi Ababa, akuuzira utuchi.

Anakumbukiranso china.
Madzulo Ababa ankasamba m'manja.
Ankagoneka Kathabwa chafufumimba pamiyendo pawo.
"Tiyeni tipale kathabwa kanga," ankatero.
Dzanja linkayenda pamsana.
Swaa. Swaa. Fuu.

Kamsomali anadzuka mwachangu.
Anagunda mutu ku benchi.
Sanalire. Analibe nthawi.

Dzuwa linalowa. Kathabwa anayamba.
Kamsomali anamugoneka chafufumimba.
Anayendetsa dzanja pamsana.
Kupita, kubwera. Kupita, kubwera.
Ankafulumira. Ankaganiza za Loweruka.
Kathabwa analira koposa kale.
Anaponya miyendo. Anaponya pilo.

Kamsomali anaima.
Ababa ankati chiyani paja?
"Thabwa salimbana nalo, Kamsomali. Dzanja limapita mbali imodzi. Likafika kumapeto, umalinyamula. Limabwerera m'mwamba."

Kamsomali anayambiranso.
Anaika dzanja pakhosi.
Analitsitsa pang'onopang'ono mpaka m'chiuno.
"Swaa," anatero.
Analinyamula. Linabwerera m'mwamba.
"Swaa."
Kenako anawerama. Anauzira kakhosi.
"Fuu."

Kathabwa anakhala chete.
Anadzutsa mutu. Anayang'ana kukhomo.
"Ababa?"

Kamsomali anayang'ana Amayi.
Amayi anaika simbi pansi.
Anabwera. Anakhala pabedi.
Sanamunamize.
"Ababa sabwera, mwanangu," anatero. "Ine ndilipo. Kamsomali alipo. Sitichoka."

Kathabwa analiranso.
Amayi sanachoke.
Kamsomali sanachoke.
Dzanja silinaime.
Swaa. Swaa. Fuu.
Kulira kunayamba kupyapyala.
Kunapyapyala. Kunapindika.
Kunagwa pansi ngati utuchi.
Swaa. Swaa. Fuu.
Kathabwa anagona.

Madzulo otsatira Amayi anati, "Lero ndiyese ine."
Anaika dzanja pamsana.
Anakanikiza. Kupita, kubwera. Kupita, kubwera.
Kathabwa anakwinya nkhope.
"Amayi, mukumusita," anatero Kamsomali. "Si thalauza."
Amayi anaseka.
Chimwalirireni Ababa, anali asanaseke.
"Chabwino, a kalipentala," anatero. "Ndiphunzitseni."
Kamsomali anagwira dzanja la Amayi.
Linali lolimba. Linali long'aluka ndi sopo.
Analitsitsa. Analinyamula.
Swaa. Swaa. Fuu.
Kathabwa anagona.

Ababa sankapala ndi puleni yokha.
Thabwa likasalala, ankatenga sandipepala.
Likasalala kwambiri, ankapukuta ndi kansalu.
Kamsomali anachita chimodzimodzi.

Madzulo ena anapala ndi zala zokha.
"Lero ndi sandipepala," anatero.
Kathabwa anagona.
Madzulo ena anapukuta ndi nsonga ya bulangete.
"Lero ndi kansalu," anatero.
Kathabwa anakana. Analira.
"Taona, zabwerera," anatero Amayi.
"Matabwa ena amafuna kubwereza," anatero Kamsomali.
Anabwerera ku puleni.
Swaa. Swaa. Fuu.
Kathabwa anagona.

Mawa lake kansalu kanagwira ntchito.
Kenako Kamsomali anangokhala pambali.
Manja anawaika pamiyendo.
"Swaa," ankatero ndi pakamwa pokha.
Kathabwa ankamuyang'ana.
Maso ankalemera. Ankalemera.
"Fuu."

Loweruka linafika.
Azakhali anafika dzuwa likulowa.
Anabwera osagogoda.
Maso awo anali ofiira.
Chikwama chinali chotsegula kale.

Kathabwa anaona chikwama.
Kamlomo kake kanayamba kunjenjemera.
"Mwaona? Wayamba," anatero Azakhali.
Anakhala pa benchi kudikira kulira.

Kamsomali anafuna kuthamangira pabedi.
Amayi anamugwira dzanja.
"Dikira," anatero.
Mtima wa Kamsomali unkagunda ngati hamala.
Anapuma. Anatsegula pakamwa.
"Swaa," anatero motsitsa.

Kathabwa anamuyang'ana.
Anagona chagada.
Anaika kadzanja kake pachifuwa.
Anakatsitsa mpaka pamimba.
"Swaa," anatero Kathabwa.
Anakanyamula. Kanabwerera m'mwamba.

Azakhali anatong'ola maso.
"Zimenezi wazitenga kuti?"
"Kwa Ababa," anatero Kamsomali.

Azakhali anayang'ana pomwe anakhala.
Anagwira benchi. Anaisisita.
Inali yosalala ngati madzi.
"Achimwene," anatero.
Misozi inagwera pa benchi.
"Inenso sindigona, alamu. Ndimatseka chitseko. Ndimalira. Ndimatopa. Tulo osabwera."

Kathabwa anamva kulira.
Kulira ankakudziwa bwino.
Anatsika pabedi. Anapita ku benchi.
"Gona," anatero.
"Iwe, amatero kwa akulu?" anatero Azakhali.
"Gona," anateronso Kathabwa.
Azakhali anagona chammbali pa benchi.
Msana wawo unali waukulu.
Kadzanja kanali kakang'ono.
Kanapala pomwe kankafika.
Swaa. Swaa.
Kathabwa anauzira khutu la Azakhali.
"Fuu."

Kenako anakwera pabedi yekha.
Anadzipala pamimba.
Swaa.
Anayasamula.
Swaa.
Kadzanja kanaima panjira.
Kathabwa anagona.

M'chipinda munali bata.
Fumbi linatera pansi.
Simbi inazizira.
Malaya a anthu anagona pa chingwe.
Chikwama chinagona chotsegula pakamwa.

Kenako kunamveka phokoso lina.
Linkachokera pa benchi.
Azakhali ankaliza mkonono.
"Amayi," ananong'ona Kamsomali, "sowo yabwerera."
Amayi analuma nsalu kuti asaseke.
Anatenga bulangete. Anawafunditsa.
"Tiwatsekere chitseko?" anafunsa Kamsomali.
"Ayi," anatero Amayi. "Muno sititsekera munthu."

M'mawa Azakhali anadzuka.
Anadziwongola. Anayang'ana uku ndi uku.
"Sindinagone," anatero. "Ndimangopumitsa maso."
"Inde, alamu," anatero Amayi. "Tonse tawamva masowo akupuma."
Azakhali anatseka chikwama.
Anatuluka nacho chopanda kanthu.
Puleni sanabweze.
Hamala sanabweze.
Koma Kathabwa sanamutenge.

Dzuwa linalowanso.
Kathabwa anadzipala. Anagona.
Kamsomali anagona pambali pake.
Anayang'ana kudenga.
Tulo sitinabwere.
"Amayi," anatero motsitsa, "nanga ine?"

Amayi anaika simbi pansi.
"Msomali amaupala?" anafunsa.
"Ayi."
"Lero tiupala. Tembenuka."

Kamsomali anatembenuka.
Dzanja la Amayi linafika pakhosi.
Linali lotentha ndi simbi.
Silinakanikize. Silinafulumire.
Linatsika pang'onopang'ono.
Swaa.
Fungo la matabwa linabwera.
Utuchi unayamba kugwa kuchokera kudenga.
Unkagwa wofewa, wachikasu, wopanda phokoso.
Unagwera Kathabwa. Unagwera Amayi. Unagwera benchi.
Swaa.
Amayi anawerama kuti auzire.
Kamsomali sanamve.
Anali atagona kale.